Mu Zitatu Muli Matheka Angati

Mayi Chigumira analemba pabolodi:
zitatu kugawa ndi theka.
Tonse tinayankhira pamodzi ngati mpingo: sikisi!
Iwo anasasa choko m'manja n'kufunsa kuti,
chifukwa chiyani?
Mwagawa, koma chatuluka chachikulu. Zatheka bwanji?

M'kalasi munangoti zii.
Anthu makumi anayi, ena andevu,
ena osiya makanda kwa apongozi ku Chitungwiza,
tonse okhoza masamu a fomu folo,
maso ali pa nsapato.

Ndinadzilimbitsa mtima: timatembenuza thekalo n'kuchulukitsa.
Anati, Lufeyo, mwana wa giredi faifi akadzakufunsa
kuti thekalo lalakwa chiyani kuti ulitembenuze,
udzamuuza kuti chiyani?

Funsolo linakwera nane kombi ya ku Mufakose,
linandikhalira pamiyendo osalipira.
Kondakitala, theka la thupi lili kunja,
ankabweza chenje cha anthu onse pamtima,
mapepala atawapinda pakati pa zala,
osaphonya ngakhale wamama wakumpando wakumbuyo.
Ine wapakoleji, buku lili m'chikwama,
ndinachita manyazi.

Kunyumba magetsi kunalibe.
Bambo anali pakhonde, akupalasa makina awo a mwendo,
tepi ili m'khosi monga anachokera nayo ku Ntcheu
ndisanabadwe.
Sukulu anailekera sitandade fili.
Ndinawadandaulira mongotaya mawu.

Sanayankhe. Anatenga nsalu ya mapilo
ya mayi wina wa ku tchalitchi,
mamita atatu.
Pilo aliyense amadya theka la mita, anatero, gwira uko.
Lumo linalira. Khwee. Khwee.
Werenga.

Zidutswa zisanu ndi chimodzi pa simenti.
Nsalu sinachuluke, anatero, ukuona?
Wangofunsa kuti matheka alimo angati.
Anabwerera ku makina awo.
Ine ndinakhala chigwirire kansalu kamaluwa
mpaka udzudzu unandikumbutsa kulowa m'nyumba.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka wotolatola.
Zitsekerero za mabotolo kuseri kwa bala,
timitengo ta machesi tothima,
ndimamanga khumikhumi ndi mphira wa chubu.
Rudorwashe, mnzanga wa pa desiki, amaseka:
dipuloma yako ikununkha mowa wa eni.
Koma Lachisanu anabwereka thumba lonse.

Teremu yachiwiri ananditumiza kukayesera ku Dzivarasekwa.
Ana makumi asanu ndi awiri, mabenchi osakwana,
Chingerezi pabolodi, Chishona pabwalo,
Chichewa ndikuwerengera ndekha mumtima.
Mayi Chigumira ali kumbuyo ndi fayilo yawo.

Makumi atatu ndi ziwiri, tichotsepo zisanu ndi ziwiri.
Ziwiri sizikwana, ndinatero, tibwereke kwa neba.
Kamtsikana ka juzi yong'ambika pachigongono,
Anotidaishe, kanakweza dzanja:
Ticha, tidzabweza liti?
Amayi amati neba wathu sabwereketsanso.

Anzake anaseka. Iko sikanaseke.

Ndinamva thukuta likutsika kumsana.
Pakamwa panabwera yankho lomwe ndinapatsidwa ndili mwana,
lakuti ndi mmene timachitira, khala pansi.
Ndinalimeza.

Ndinakaitana kutsogolo,
ndinakapatsa mitolo itatu ndi timitengo tiwiri.
Zonsezi n'zako, ndinatero. Palibe za neba.
Masula mtolo umodzi.
Mphira unakana, kanauluma ndi mano,
timitengo tinamwazika patebulo,
khumi ndi tiwiri,
kanachotsa tisanu ndi tiwiri mmodzimmodzi, milomo ikuyenda.

Ndiye kuti tilibe ngongole?
Tilibe.

Mayi Chigumira sanakweze mutu,
cholembera chawo chinkangoyenda.
Pa fomu anandipatsa sikisite-thuu,
ati ndinadya nthawi ya phunziro lotsatira,
ndipo pansi m'kalasi ndinasiya zinyalala.

N'zoona. Ndinasesa ndekha ana ataweruka.
Powerenga timitengo ndinapeza mtolo umodzi palibe.
Sindinafunse.